Kamwedwe ka levothyroxine: nthawi yake, mlingo wake ndi zija za tiyi wam'mawa

Ine chithokomiro changa anachichotsa chonse pa opaleshoni, ndiye kapiritsi ka levothyroxine, kolowa m'malo mwa mahomoni omwe chithokomiro chimapanga, ndi kanga mpaka ndidzatsikire kulichete, palibe zoti ndachira ndisiye. Miyezi yoyambirira ndinkamwa tsiku ndi tsiku osaphonya olo limodzi koma thupi linali lolemera ngati ndasenza thumba la chimanga, masana tulo, anzanga akutuluka thukuta ine ndili mu juzi, kuchimbudzi mpaka masiku atatu osapitako. Atandiyeza magazi TSH, muyeso woonetsa ngati mankhwalawa akukwana m'thupi, inali pamwamba, ine mumtima ndikuti basi andiwonjezere mankhwala. Adokotala sanathamangire cholembera, anangondifunsa kuti, "Mayi, kapiritsika mumamwera chani?" Ndinati tiyi adokotala, wamkaka, kenako phala la soya pompo. Anapukusa mutu uku akuseka. Mlingo sanaukhudze, anasintha kamwedwe kokha, ndipo patatha masabata 8 TSH ija inatsika yokha.

Zomwe ndikulemba apazi ndi za ife amene chithokomiro chikugwira ntchito mochepa kapena anatichotsa. Ngati chanu chikuthamanga mopitirira ndipo mukumwa carbimazole, nkhani yanu ndi ina, musasakanize.

Choyamba, kadziweni kapiritsi kanu

Tengani paketi muwerenge. Dzina lenileni ndi levothyroxine, ena amalemba thyroxine, ndipo makampani amaikapo mayina awo monga Euthyrox, Eltroxin kapena Synthroid. Nambala ili pamenepo ndi ya ma microgram, amalemba mcg, si mg ngati pa panado ayi. Pali 25, 50, 75, 100 ndi ena okwererapo. Pena mupeza alemba 0.1 mg, musadabwe, imeneyo ndi 100 mcg yomweyo, ndipo 0.05 mg ndi 50 mcg. Lembani nambala yanu mu kabuku ka kuchipatala komanso mu foni, chifukwa zomati "ndimamwa kamodzi koyera kaja" zimapweteketsa, timapiritsi toyera tilipo tambiri ndipo ka 50 ndi ka 100 a kampani imodzi amatha kufanana ngati mapasa.

Mlingo amauwerengera pa kulemera kwa thupi. Munthu wamkulu amene chithokomiro palibiretu amafuna pafupifupi 1.6 mcg pa kilo iliyonse patsiku, ndiye wa makilo 60 akhala cha pa 100, wa makilo 75 cha pa 125. Amene chake chikadali kugwirako ntchito pang'ono amafuna ochepera apo. Koma agogo opitirira zaka 65 kapena aliyense wa vuto la mtima samuyambitsa pamwamba, amayamba ndi 25 kapena 50 nkumakwera pang'onopang'ono, chifukwa mankhwalawa amafulumizitsa mtima ndipo mtima wotopa ukaudzidzimutsa umatha kubweretsa ululu wa pachifuwa. Masamu ndakupatsaniwa ndi oti mumvetse zomwe adokotala akuchita, osati mukadziyambitse nokha pa famase.

Kenako sankhani nthawi, imodzi basi

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Kapiritsika kamalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono ndipo ndi kamanyazi, kakakumana ndi chakudya kamamatirira komweko nkutuluka nacho limodzi. M'mimba mukakhala mopanda kanthu thupi limatengapo pafupifupi 60 mpaka 80 pa 100 iliyonse, mukadya zimatsika. Ndiye pa paketi patha kulembedwa 100 koma yofika m'magazi ndi ina, mmene zinalili ndi ine muja.

Njira yodziwika ndi ya m'mawa. Mukangodzuka, musanalawe kanthu, mezani ndi madzi wamba, kapu yodzadza. Osati tiyi, osati khofi, osati thobwa, osati mkaka, madzi basi. Ndiye mudikire mphindi 30 mpaka 60 musanadye kadzutsa, ola lathunthu ndiye bwino kwambiri makamaka ngati ndinu a khofi kapena tiyi wamkaka. Ola limaoneka lalitali mukangokhala nkumayang'ana wotchi, koma mukamwa kenako nkukoleza mbaula, kutereka madzi osamba, kusesa pakhonde, kudzutsa ana, kusamba, mupeza lakwana kalekale. Ine alamu imalira 5 koloko, botolo la madzi limagona pa mpando pafupi ndi bedi, ndimameza maso ali chitsinzire, tiyi ndimamwa cha m'ma 6.

Ena m'mawa sizitheka, mwina mumanyamuka mbandakucha kukakwera minibasi ndipo mukapanda kudya pompo ndiye mpaka masana. Njira ina ndi ya pogona, koma pakhale patadutsa maola 3 kapena 4 chidyereni mgonero. Apa tinene zoona, ambirife nsima timadya cha m'ma 7 kapena 8, nkukhuta bwinobwino, 9 isanakwane tagona, ndiye m'mimba mumakhala mukadali modzadza, njirayi kwa anthu otere siyenda. Imayenda kwa amene amadya msanga nkugona mochedwa, komanso osatolatola mtedza kapena chimanga chokazinga akuonera TV. Ogwira ntchito usiku, alonda, anamwino, inu "m'mawa" wanu ndi nthawi yomwe mwadzuka ku tulo tanu tatitali, olo ikhale 2 koloko masana. Pa mwezi wa Ramadan ambiri amamwa ola limodzi asanadye chakudya cha mbandakucha chija, kapena pogona ngati padutsa maola okwanira chimasulireni.

Kaya m'mawa kaya usiku, chachikulu ndi chakuti musamasinthesinthe. Lero ndi madzi, mawa ndi tiyi, mkuja mutadya mandasi, zotsatira za magazi zimangovina ndipo adokotala amasowa pogwira. Ndipo kunena mosabisa, munthu amene amamwa mphindi 30 asanadye tsiku lililonse osasintha ali bwino kuposa amene amadikira ola lathunthu Lolemba koma Loweruka nkumwera khofi, chifukwa woyambayo mlingo wake atha kuukonza kuti ugwirizane ndi chizolowezi chakecho.

Chachitatu, katalikitseni ndi adani ake

Pali zinthu zomwe ola limodzi silikwanira, zimafuna maola 4. Mapiritsi owonjezera magazi aja a iron amene amapereka kusikelo, mapiritsi a calcium, ma multivitamin okhala ndi iron kapena calcium, ndi mankhwala a chilungulira otafuna kapena amadzi oyera aja okhala ndi magnesium kapena aluminium. Amenewa amakagwira kapiritsi kathu m'matumbo momwemo nkukamanga. Chophweka ndi ichi, levothyroxine m'mawa, enawo pa nkhomaliro kapena madzulo. Amayi apakati amene amadya dothi, dothinso litha kuchita zomwezo.

Soya naye ndi mdani wachinsinsi, phala la soya, mkaka wa soya, ma soya pieces. Sindikuti musiye kudya, ndiwo zake ndi zomwezo masiku ano, koma asayandikane ndi nthawi ya mankhwala, ndipo ngati mwayamba kudya soya tsiku lililonse pamene kale simunkadya, auzeni adokotala.

Ndiye pali mankhwala ena amene olo muwatalikitse maola angati amasinthabe mlingo womwe thupi likufuna. Rifampicin amene ali m'mankhwala a TB amapangitsa chiwindi kuphwanya thyroxine msanga. Chimodzimodzi mankhwala a khunyu, carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital. Omeprazole wa zilonda zam'mimba amachepetsa asidi amene amathandiza kapiritsi kusungunuka. Mapiritsi olera okhala ndi oestrogen amatha kukweza mlingo wofunika, ma ARV okhala ndi ritonavir nawonso. Awa musasiye ayi, TB ndi khunyu si zoseweretsa, chofunika nkuti mukayamba kapena kumaliza mankhwala oterewa mukayezetse TSH pakatha masabata 6 mpaka 8. Amene mumamwa warfarin woletsa magazi kuundana, thyroxine akakwera magazi amachedwa kuundana kuposa kale, ndipo a shuga nanu shuga amatha kusuntha mlingo ukasintha. Vuto lathu timakhala ndi makiliniki atatu, ya TB uku, ya shuga uku, ya chithokomiro uko, aliyense akulemba zake, ndiye mlomo ndi wanu, kulikonse muzinena kuti ndimamwa levothyroxine.

Mukaiwala

Mtima m'malo. Mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, pamatenga pafupifupi masiku 7 kuti theka lake lithe, ndiye tsiku limodzi silingakugwetseni. Mukakumbukira masana imwani, bola papite maola angapo chidyereni. Mukakumbukira mawa lake pitirizani mwa nthawi zonse. Madokotala ena amalola kumwa awiri tsiku lotsatira, ena amakaniza makamaka kwa a vuto la mtima, ndiye funsani anu zimenezi zisanachitike. Choopsa ndi kuiwalaiwala, kawiri katatu pa sabata, chifukwa kuphonya masiku 2 pa 7 ndi chimodzimodzi kudzichotsera pafupifupi 30 pa 100 iliyonse ya mlingo wanu. Gulani kabokosi kaja ka zipinda 7, kapena lembani masiku ndi cholembera kuseri kwa paketi. Ndipo mukapita kuchipatala nenani zoona kuti ndinkaphonya, musachite manyazi, apo ayi akuwonjezerani mlingo pa TSH yabodza, tsiku lomwe mudzayambe kumwa mokhulupirika mankhwala adzakuchulukirani.

Kuyezetsa magazi

TSH imasokoneza anthu ambiri chifukwa imayenda chobwerera. Siichokera ku chithokomiro, imachokera ku kachiwalo kakang'ono kali pansi pa ubongo kotchedwa pituitary. Muiyerekeze ndi kapitawo wa pa esiteti, ntchito ikamachepa amakuwa kwambiri, ikachuluka amakhala duu. Ndiye TSH yokwera ikutanthauza kuti mankhwala akuchepa m'thupi, TSH yotsikitsitsa ikutanthauza kuti achuluka. Ma lab ambiri amati yabwino ndi kuyambira cha pa 0.4 kufika cha pa 4.0, koma onani manambala omwe alembedwa pambali pa pepala lanu chifukwa makina amasiyana. Amene anachotsedwa chithokomiro chifukwa cha khansa nthawi zambiri amawasunga dala pa TSH yotsika, ndiye musakopere za mnzanu. Ndipo amene vuto lawo lili ku pituitary komweko, monga amayi ena amene anataya magazi ambiri pobereka, TSH siiwauza zoona, iwowo amayang'ana free T4, muyeso wa thyroxine weniweniyo m'magazi.

Mukayamba mankhwala kapena mlingo ukasintha, dikirani masabata 6 mpaka 8 musanayezetse. Kuyezetsa pakatha sabata ziwiri nkutaya ndalama, thupi limakhala lisanakhazikike, ndipo kuyezaku sikotchipa, enanso mpaka ulendo wa ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu. Zikakhazikika, kamodzi pachaka zimakwana pokhapokha ngati china chasintha, pakati, mankhwala atsopano, kunenepa kapena kuwonda kwambiri.

Tsiku loyezetsa pitani m'mawa, kapiritsi kakhale mu kachikwama, mumwe akamaliza kutenga magazi. Mukamwa musanayezetse free T4 imaoneka yokwera kwa maola angapo ndipo atha kukuchepetserani mankhwala pachabe. China chimene atsikana ambiri sadziwa, biotin, mavitamini aja okulitsa tsitsi ndi zikhadabo, amanamiza makina ena oyezera nkuonetsa ngati mankhwala achuluka. Asiyeni kwa masiku osachepera 2 musanayezetse. Nzomvetsa chisoni chifukwa ife a chithokomiro ndi amene tsitsi limatithothoka, ndiye ndife tomwe timathamangira kugula biotin.

Kusintha mlingo

TSH ikabwera yokwera, musanapemphe kuwonjezera dzifunseni kaye zija anandifunsa ine. Ndikumwera chani, ndikudikira mphindi zingati, ndaphonya kangati, ndayamba mankhwala ati, paketi ndi ya kampani yomwe ija kapena ina. Zonsezi zikakhala bwino ndiye adokotala amakweza, pang'ono, 12.5 kapena 25 mcg nthawi imodzi, kenako kudikiranso masabata aja.

Pena mlingo womwe mukufuna palibe kapiritsi kake, kufamase mwapeza 50 ndi 100 basi. Poti mankhwalawa amakhalitsa, chowerengedwa kwenikweni ndi chiwonkhetso cha sabata yonse, ndiye adokotala amatha kunena kuti lero 100 mawa 150 kuti zikhale ngati 125 patsiku, kapena 100 ndi theka la 50. Podula gwiritsani ntchito kampeni kakuthwa pa mzere uli pakatipo, osati mano, ndipo theka lotsalalo mumwe tsiku lotsatira, musadule paketi yonse kamodzi nkusunga zidutswa.

Thupi nalo limalankhula. Mankhwala akachepa ndi zija ndanena, kufooka, kuzizidwa, kudzimbidwa, khungu louma lotuwa, kutupa nkhope, kuiwalaiwala, msambo wochuluka. Akachuluka mtima umagunda ngati mwathamanga muli chikhalire, manja kunjenjemera mpaka kapu ya tiyi kuchita kutayikira, thukuta, kusowa tulo, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, kutsegula m'mimba, kuwonda mukudya bwino. Mtima ukamadumphadumpha, pachifuwa pakamapweteka kapena mpweya ukamabanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira deti yanu. Koma musayembekezere kuti mukamwa lero mawa mudzuka mwatsopano, ambiri amayamba kumva kusintha pakatha masabata awiri kapena atatu, tsitsi ndi khungu ndiye zimatenga miyezi.

Pali kachizolowezi koipa komwe ndikufuna ndikadzudzule poyera, kuwonjezera wekha kuti uwonde, kapena kugawira mnzako amene chithokomiro chake chili bwinobwino ati achepetse thupi. Thyroxine wochuluka kwa nthawi yaitali amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amadya mafupa mwakachetechete, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba, mumadzangozindikira mwathyoka chiuno pongoterereka pa bafa. Chimodzimodzi zosiya mankhwala poti mwapemphereredwa kapena mwapeza zitsamba za chithokomiro pa WhatsApp. Pempherani ndithu, nanenso ndimapemphera, koma kapiritsi kazimwedwa. Mchere wa ayodini ndi wabwino poteteza chotupa cha pakhosi chobwera ndi kusowa kwa ayodini, koma sungabwezeretse chithokomiro chomwe anachichotsa kapena chomwe chinawonongeka ndi matenda a Hashimoto, aja chitetezo cha thupi chimalimbana ndi chithokomiro.

Mwina mwawerengapo za T3, liothyronine, kapena mapiritsi opangidwa kuchokera ku chithokomiro cha nkhumba monga Armour Thyroid amene anthu a ku America amawatama. Levothyroxine ndi T4, thupi limaisandutsa lokha kukhala T3 mmene likufunira. T3 yakumwa imatha msanga m'thupi, nchifukwa chake ena amaigawa kawiri patsiku, ndipo imakwera nkutsika mofulumira. Zimenezo ndi za dokotala wa mahomoni, si zoitanitsa kwa achibale a ku Joni.

Pakati ndi makanda

Apa musazengereze olo tsiku limodzi. Pa masabata oyambirira mwana amadalira thyroxine wa mayi kuti ubongo wake ukule, chithokomiro chake chimakhala chisanayambe ntchito. Ndiye mukangodziwa kuti muli ndi pakati musasiye mankhwala poopa kuti apweteka mwana, zoona zake ndi zakuti mufunika ochulukirapo, pafupifupi 25 mpaka 30 pa 100 iliyonse. Njira yomwe madokotala ambiri amapereka ndi kuwonjezera mapiritsi 2 pa sabata, kutanthauza 9 m'malo mwa 7, mwachitsanzo awiri Lolemba ndi awiri Lachinayi. Kambiranani zimenezi ndi adokotala musanaime nkomwe kuti tsikulo likadzafika mudzadziwe chochita. TSH amayeza pafupifupi masabata 4 aliwonse mpaka pakati pafike theka, ndipo miyezi itatu yoyamba amafuna ikhale pansi pa 2.5. Kusikelo akupatsani mapiritsi owonjezera magazi, imwani ndithu koma madzulo. Mukabereka nthawi zambiri mumabwerera pa mlingo wakale nkuyezetsa pakatha masabata 6, ndipo kuyamwitsa kulibe vuto.

Khanda lobadwa ndi vutoli amaliwerengera mosiyana, 10 mpaka 15 mcg pa kilo patsiku. Phwanyani kapiritsi pakati pa masupuni awiri, sakanizani ndi timadontho ta mkaka wa m'mawere kapena madzi owiritsa ozizira, mumwetse ndi kasupuni. Musathire m'botolo lodzadza, akasiya theka ndiye kuti mankhwalanso wasiya theka.

Kasungidwe

Levothyroxine sagwirizana ndi kutentha, chinyezi ndi dzuwa, amafooka osaoneka ndi maso. Pawindo ayi, pa shelefu ya kukhitchini pamwamba pa mbaula ayi, mu galimoto yoima padzuwa ayi, kubafa ayi. M'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, makamaka inu a ku Chikwawa ndi Nsanje, pezani malo ozizirirapo, mu kabati pansi pakati pa zovala. Asiyeni mu paketi yake yomata ija mpaka nthawi yomwa. Akakupatsani a mu kapepala kapulasitiki, ikani kapepalako mu kabotolo kouma kotseka bwino ndipo funsani deti yothera ntchito.

Yesetsani kukhala pa kampani imodzi. Mankhwala ndi omwewo koma zosakaniza zina zimasiyana ndipo matupi ena amamva. Ku France mu 2017 kampani ya Merck itasintha kapangidwe ka levothyroxine wake wotchedwa Levothyrox anthu masauzande anadandaula mpaka nkhani inafika kukhoti, chonsecho dzina pa paketi linali lomwelo. Kwathu kuno kusankha nkovuta, umatenga zomwe zilipo, ndiye mukapeza a kampani ina imwani ndithu kusiyana nkukhala osamwa, ingolembani tsiku lomwe mwasintha, ndipo thupi likayamba zachilendo kayezetseni pakatha masabata 6.

Musadikire kapiritsi komaliza. Pakatsala a masabata awiri yambani kufufuza, chifukwa tsiku lomwe mwatheratu ndi lomwe amakuuzani kuti abwera sabata yamawa. Ine ndinaphunzira movutikira pa maliro a malume anga kumudzi, ndinanyamuka usiku ndi chitenje ndi foni basi, ndimati ndigona kumodzi ndinakhala masiku 9, famase yapafupi inali ndi panado ndi mankhwala a malungo okha, ndinabwerako miyendo ikukokeka. Pano mu kathumba kam'kati ka chikwama changa choyendera mumakhala mzere umodzi wa mapiritsi, ndipo ndikagula atsopano ndimausinthanitsa kuti usakalambire momwemo.